Kumeretsa ndere zokwanira m'thanki ya zomera: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri oweta nsomba m'mathanki agalasi amalimbana ndi ndere kuti zithe. Koma alipo ena amene vuto lawo ndi lina: zomera zikukula bwino, galasi lili mbee, ndipo nsomba zimene anagula kuti zizidya ndere zayamba kuwonda. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu otere amafunsa kawirikawiri.

N'chifukwa chiyani m'thanki mwanga ndere sizimera pomwe anzanga akudandaula kuti zawachulukira?

Ndere ndi zomera zimafuna zinthu zofanana: kuwala, mpweya wa carbon dioxide, ndi michere monga nitrate, phosphate, potassium ndi iron. Zomera zikagwira mizu n'kuyamba kukula mwamphamvu, ndere zimasowa polowera. Zomera zofulumira kukula monga hornwort zimayamwa michere m'madzi msanga, ndipo zoyandama monga Salvinia ndi Pistia zimatchinganso kuwala, moti pansi pamakhala mthunzi wokhawokha. Choncho kusowa kwa ndere si matenda a thanki. Nthawi zambiri ndi umboni woti mwaisamalira bwino.

Palinso china chimene ambiri sachiganizira. Galasi loyera silitanthauza kuti ndere sizikumera. Mwina zikumera tsiku lililonse, koma pakamwa pachuluka, moti zikangoti zituluke zimadyedwa pomwepo. Ngati m'thanki ya malita 60 muli nsomba zodya ndere za Otocinclus zisanu ndi imodzi, nkhono za nerite zitatu ndi gulu la ma shrimp (tizilombo ta m'madzi ta m'gulu la nkhanu), simudzaziona ndere ndi maso ngakhale zitamera motani.

Kodi nsombazi sizingakhale ndi moyo ndi zimene zimadzipezera zokha m'thanki?

M'mathanki ambiri sizingathe. Kumtsinje kumene zimachokera, dzuwa limawomba pa miyala ndi zikuni zosawerengeka, ndipo nsomba ikamaliza pamwala uwu imasamukira pa wina. Chimene imadya kumeneko si ndere zokha ayi. Pamwala wa m'madzi pamakhala kachikuto koterera ka ndere, mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, timphutsi ndi zinyenyeswa za masamba owola. Oweta nsomba amakatchula kuti biofilm kapena aufwuchs. Nsomba imakokota zonsezo pamodzi, ndipo m'menemo ndi mmene imapezamo mapuloteni.

Thanki ya m'nyumba ili ndi makoma anayi, miyala yowerengeka ndi getsi loyaka maola ochepa. Malo omerapo chakudya ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi mimba zimene zikudikira. Chimene chimandiwawa n'chakuti nsombazi zimagulitsidwa ngati zipangizo zotsukira galasi, ndiye munthu amapita nazo kwawo akuganiza kuti sizifuna kudyetsedwa. Izi ndi ziweto ngati nsomba zina zonse za m'thankimo, ndipo udindo woona kuti zakhuta ndi wanu.

Kodi ndere zonse zimadyedwa?

Ayi, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonezekera. Munthu akhoza kukhala ndi thanki yodzaza ndere, nsomba zake n'kumafa ndi njala momwemo.

Zimene pafupifupi nsomba zonse zokokota zimakonda ndi zofiirira zooneka ngati fumbi, zimene zimachoka mukangopukuta ndi chala. Zimenezi ndi ma diatom. Zimamanga tizigoba tawo ndi silica, ndipo zimachuluka m'miyezi yoyambirira thanki ikangokhazikitsidwa, kenako zimachepa zokha. N'chifukwa chake Otocinclus zimanenepa poyamba, n'kudzayamba kuwonda thanki ikakhwima. Zachiwiri ndi zobiriwira zofewa, zimene zimayala pagalasi ndi pamiyala ngati utoto wopyapyala. Mitundu iwiriyi ndi imene mukufuna kulima.

Timadontho tobiriwira tolimba timene timakakamira pagalasi ndi pa masamba a Anubias n'tovuta. Nkhono za nerite zimatha kutipala, koma nsomba zazing'ono zimangodutsapo. Ndere zazitali ngati tsitsi zimadyedwa ndi ma shrimp a Amano, nsomba za molly ndi Florida flagfish, pomwe nsomba za kamwa loyamwira sizidziwa n'komwe poyambira. Zakuda zomera ngati ndevu m'mphepete mwa masamba ndi pa zikuni, zimene kwenikweni zili m'gulu la ndere zofiira, zili ndi odya ochepa kwambiri. Yodziwika ndi Siamese algae eater, nayonso imazidya kwambiri ikadali yaing'ono, ikakula imakonda chakudya chogula.

Ndiye pali chimene chimaoneka ngati ndere koma si ndere: chinthu choterera, chobiriwira modera kapena mokhala ngati buluu, chimene chimayala pamchenga ngati nsalu, chimasendeka chonse pamodzi ndipo chimanunkha chinyontho. Amenewa ndi mabakiteriya otchedwa cyanobacteria. Nsomba zambiri sizikhudzako, ndipo mitundu ina imatulutsa poizoni. Mukachiona, chichotseni.

Ndi ziti zimene zimavutika kwambiri ndere zikachepa?

Yoyamba ndi Otocinclus. Kansomba aka kamachokera ku South America, kamakula masentimita 4 kapena 5 basi, ndipo kamafuna kukhala pagulu la zinzake zosachepera zisanu ndi chimodzi. Zambiri zimene zimagulitsidwa zimachita kugwidwa kumtsinje. Zimayenda ulendo wautali, n'kukhala m'mathanki opanda kanthu a ogulitsa, moti pofika kwa inu zimakhala zitatha kale masiku osadya mokwanira. Sizinaonepo chakudya cha m'paketi, ndiye sizichizindikira msanga. Imfa zambiri za milungu yoyambirira zimachokera pamenepa. Kansombaka kamadya pang'onopang'ono tsiku lonse, sikatha kudya kamodzi n'kudikira mawa.

Zina ndi hillstream loach, monga Sewellia lineolata ya ku Vietnam, ndi timagobi ta mtundu wa Stiphodon. Izi zimakhala m'mitsinje yothamanga ya miyala yosalala, choncho kuwonjezera pa ndere zimafunanso madzi oyenda mwamphamvu ndi okosijeni wambiri. Nkhono za nerite nazonso zimafa mwakachetechete m'thanki yoyera kwambiri, chifukwa zambiri zimakana chakudya chogula.

Bristlenose pleco, ya mtundu wa Ancistrus, sivuta kwenikweni. Imakula masentimita 10 mpaka 13, imalandira masamba ndi chakudya chogula mosanyinyirika, bola muiikire chikuni choti izipala. Ma shrimp a Amano amadya chilichonse chimene chagwa pansi. Ziwiri zimene sindingalangize munthu wa thanki ya zomera ndi pleco wamba, amene amapitirira masentimita 30 n'kumazula zomera poyenda, ndi Chinese algae eater, imene ikakula imachepetsa kudya ndere, imalusa, ndipo nthawi zina imakakamira pathupi la nsomba zinzake n'kumayamwa zoterera za pakhungu lawo.

Ndingadziwe bwanji kuti nsomba yanga ili ndi njala?

Yang'anani mimba. Nsomba zoyamwira zimakuthandizani zokha, chifukwa zikamatirira pagalasi la kutsogolo mimba yonse imaonekera. Otocinclus yokhuta imakhala ndi kamimba kozungulira, kotukuka pang'ono. Ikakhala yaphwatalala, chakudya chachepa. Ikalowa m'kati n'kupanga kadzenje, zinthu zafika poipa ndipo musadikire mawa. Pa pleco onaninso maso: akalowa m'kati pamodzi ndi mimba, yakhala ndi njala nthawi yaitali.

Onaninso ngati ikuchita chimbudzi. Nsomba yodya zomera imatulutsa timizere tobiriwira kapena tofiirira pafupipafupi. Chizolowezi chabwino n'chakuti muziyang'ana mimba za zonse kamodzi pa mlungu, makamaka zazing'ono zimene zimapitikitsidwa pa chakudya.

Bwanji ndingowonjezera maola a getsi?

Ndere zimera ndithu, koma simungazisankhire mtundu kapena malo. Mathanki ambiri a zomera amayenda bwino ndi maola 6 mpaka 8 a kuwala pa tsiku. Mukalumpha n'kufika pa maola 12 nthawi imodzi, zomera zimayamba kufuna carbon dioxide ndi michere yoposa imene ilipo, zimafooka, ndipo zimene zimapezerapo mwayi ndi ndere za tsitsi ndi za ndevu zija. Mumakhala mwawononga zomera, nsomba osapindulapo kanthu.

Ngati mukufunabe kuyesa, wonjezerani mphindi 30 zokha, dikirani mlungu umodzi kapena iwiri, muone chimene chamera, kenako muganize zowonjezeranso. Gwiritsani ntchito timer, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa getsi pa nthawi yake, kuti maola azikhala ofanana tsiku lililonse. Mukaona tiulusi tikuyamba pa masamba, bwererani pamene munali. Kupatulira zomera zoyandama kuti kuwala kufike pa mwala umodzi kapena iwiri n'kwabwino kuposa kuwalitsa thanki yonse.

Nanga njira yabwino ndi iti?

Limani ndere kunja kwa thanki, pamiyala, n'kumazipereka kwa nsomba zitapsa kale. Njira imeneyi imakupatsani ufulu wowalitsa ndi kuthira michere mmene mungafunire popanda kukhudza zomera zanu.

Pezani chidebe choonekera m'kati kapena beseni losazama, la malita 5 mpaka 10, limene silinalowepo sopo kapena mankhwala. Yalani miyala pansi, osaisanjikiza, kuti uliwonse uzilandira kuwala. Thiranimo madzi amene mwachotsa m'thanki posintha madzi. Madzi amenewa ali kale ndi nitrate ndi phosphate, alibe klorini, ndipo ali ndi mbewu za ndere. Kuti ziyambe msanga, palani pang'ono ndere zofewa za pagalasi la thanki n'kuzisungunulira m'chidebemo, kapena ikanimo mwala umodzi wobiriwira kale. Ngati muli ndi feteleza wa zomera za m'madzi, dontho limodzi kapena awiri akwana.

Ikani chidebecho pawindo lowala bwino, kapena pansi pa getsi loyaka maola 12 mpaka 16. Musaikemo nkhono, ndipo onetsetsani kuti mazira ake sanalowe ndi madzi, chifukwa nkhono zochepa chabe zikhoza kumaliza zonse musanakolole. Kampope ka mpweya sikofunika kwenikweni, koma kamathandiza kuti madzi asaime phee, ndipo madzi oyenda amachepetsa mwayi wa cyanobacteria. Madzi akamaphwa, onjezerani ena opanda klorini, ndipo pa mlungu uliwonse sinthani gawo lina ndi madzi atsopano a m'thanki kuti michere isathe.

Pakatha mlungu umodzi mpaka itatu, malinga ndi kuwala ndi kutentha, miyala imayamba kuterera kenako kubiriwira kapena kufiirira. Tengani umodzi kapena iwiri, itsukuluzeni pang'ono m'madzi a m'thanki, n'kuiika pamene nsomba zimakonda kukhala. Gulu la Otocinclus likhoza kuyeretsa mwala waukulu ngati chibakera pa tsiku limodzi kapena awiri. Ukayera, ubwezereni m'chidebe n'kutenga wina. Zili ngati mmene mbusa amasinthira ziweto msipu: pamene zadya lero pamasiyidwa kuti paphukenso. Chinsinsi chake n'kukhala ndi miyala yambiri kuposa imene mukuganiza. Poti ndere zimatenga milungu kumera koma masiku ochepa kudyedwa, miyala itatu sikwanira. Yambani ndi khumi kapena kuposerapo, muigawe m'magulu, kuti gulu lina likhale m'thanki pomwe ena akuphuka. Mwala umene wadyedwa kale umabiriwira msanga kuposa watsopano, chifukwa nsomba sizimaliza zonse, choncho musautsuke poubwezera.

Miyala yake ikhale yotani?

Yosalala, yoyererako, yopanda nsonga zoti n'kucheka mimba ya nsomba. Zidutswa za mphika wadothi wosapaka utoto ndi matailosi osanyezimira zimagwiranso ntchito. Dontheserani viniga pamwala: ukachita thovu, uli ndi laimu ndipo ukweza kuuma kwa madzi ndi pH (muyeso wosonyeza ngati madzi ali ndi asidi kapena ayi), zimene sizabwino kwa nsomba za madzi ofewa. Pewani miyala ya mizere yonyezimira ngati chitsulo kapena ya dzimbiri. Itsukeni ndi burashi ndi madzi otentha, popanda sopo. Musaiphike pamoto, chifukwa mwala wokhala ndi mpweya kapena madzi m'kati ukhoza kuphulika.

Madzi a m'chidebe abiriwira okha koma miyala ilibe kanthu. Chalakwika n'chiyani?

Ndere zoyandama m'madzi zatsogola, ndipo zikutchinga kuwala kuti kusafike pansi. Kawirikawiri zimachitika michere ikachuluka kwambiri ndiponso dzuwa likamawomba mwamphamvu. Tayani madziwo, siyani miyala, thirani ena, musathirenso feteleza, ndipo chepetsani kuzama kwa madzi kuti angophimba miyala ndi masentimita ochepa.

Zikamera za tsitsi, zizuleni ndi manja ndipo musaike mwala umenewo m'thanki ya zomera, chifukwa kaulusi kamodzi n'kokwanira kufalitsa. Chidebe chikakhala panja, chiphimbeni ndi neti yolola kuwala, kuti udzudzu usaswanemo ndiponso atombolombo asaikiremo mazira. Ana a tombolombo amagwira tinsomba ndi ma shrimp. Dzuwa la masana likhozanso kutenthetsa madzi ochepa mpaka kupha ndere zomwezo, ndiye malo a dzuwa la m'mawa ndi abwinopo.

Palibe chimene ndingachite m'thanki momwemo?

Chilipo, ndipo chosavuta kwambiri n'kusiya kupala magalasi onse. Yeretsani la kutsogolo lokha kuti muziona nsomba, la kumbuyo ndi a m'mbali muwasiyire eni ake. Malo amenewa ndi aakulu kuposa miyala yonse imene mungaike. Miyala ndi zikuni za m'thanki musamazikweche posintha madzi.

Chachiwiri ndi kuwonjezera zinthu zomerapo biofilm. Chikuni chatsopano chimatulutsa zoyera zoterera m'milungu yoyamba. Ambiri amachita nazo mantha, koma sizoopsa, ndipo ma shrimp, nkhono ndi Otocinclus zimadya. Masamba ouma a mtengo wa Terminalia catappa, amene amagulitsidwa m'masitolo a nsomba, akamawola pang'onopang'ono pansi amasanduka malo odyera. Amadetsa madzi kukhala ngati tiyi wopyapyala, koma nsomba zochokera m'mitsinje ya m'nkhalango zimakondwera nazo. Zomera za masamba aakulu zokula pang'onopang'ono, monga Anubias ndi Java fern, nazonso zimasunga kachikuto kopyapyala kamene nsomba zimapitako kukanyambita.

Ndikamathira chakudya chambiri kapena kusiya kusintha madzi, ndere sizingachuluke?

Zikhoza kuchuluka, koma musatero. Chakudya chowola chimatulutsa ammonia, ndipo nsomba zimene mukufuna kuthandizazo, makamaka Otocinclus ndi hillstream loach, ndi zimene sizipirira madzi auve. Ngati nitrate wa m'thanki watsika mpaka pa 0 chifukwa zomera zamumaliza, muwonjezereni ndi feteleza woyeza bwino mpaka afike pa 10 kapena 20 ppm (mamiligalamu pa lita imodzi ya madzi). Zimenezo zimathandiza zomera ndi ndere zobiriwira zofewa, ndipo zimachepetsa mpata wa cyanobacteria, amene amakonda madzi osowa nitrate.

Kodi mankhwala amene ndimathira angakhale akupha ndere?

N'zotheka kwambiri. Mankhwala ambiri ogulitsidwa ngati liquid carbon, othandiza zomera kukula, amapangidwa ndi glutaraldehyde kapena zofanana naye, ndipo amapha ndere. Ngati mumathira tsiku lililonse, mukumenyana ndi cholinga chanu chomwe. Chimodzimodzinso mankhwala alionse olembedwa kuti ndi ochotsa ndere. Ena mwa iwo, pamodzi ndi mankhwala ena a matenda a nsomba, ali ndi copper amene amapha ma shrimp ndi nkhono. Getsi la UV loyeretsera madzi limapha zokhazo zoyandama zimene zadutsa m'kati mwake, silikhudza zomera pamiyala. Zinthu zoika mu fyuluta zoyamwa phosphate ndi silicate zimachepetsa ma diatom, ndiye ngati muli nazo, zichotseni.

Ngati ndere sizikukwanabe, ndiziwonjezera chiyani?

Ngakhale zitakwana, ndi bwino kuzolowetsa nsomba chakudya china, chifukwa tsiku lina chidebe chija chidzalephera kapena mudzachokapo. Masamba amene ambiri amagwiritsa ntchito ndi zukini, nkhaka, sipinachi ndi zitheba. Atsukeni bwino chifukwa cha mankhwala a kumunda, aviikeni m'madzi owira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti afewe, aziziritseni, kenako muwapanikize ndi kamwala kapena foloko yosachita dzimbiri kuti amire. Musawasiye kupitirira maola 24, chifukwa amayamba kuwononga madzi.

Pa chakudya cha m'paketi, werengani zimene zalembedwa kumbuyo. Timabisiketi tambiri tolembedwa kuti ndi ta ndere timayamba ndi ufa wa nsomba ndi tirigu, ndere zikubwera kumapeto kwenikweni. Sankhani chimene spirulina kapena ndere zili koyambirira kwa mndandanda. Chakudya cha ufa chimene chimasakanizidwa ndi madzi otentha n'kuuma ngati jeli ndi chothandiza kwambiri kwa nsomba zokana kudya, chifukwa mukhoza kuchipaka pamwala chisanaume. Nsomba imafika pamwalapo n'kuyamba kukokota monga mwa chibadwa chake, osadziwa kuti yasinthiridwa chakudya. Mukapaka pa mwala umene uli kale ndi ndere, zimayenda msanga.

Musataye mtima zikakana koyamba. Ikani chakudyacho pamalo amodzimodzi, nthawi imodzimodzi, makamaka madzulo getsi litazima pamene nsomba zina zaphokoso zagona. Nthawi zina pamatenga masiku angapo kuti imodzi ilawe, ndipo ikalawa, zinzake zimatsatira. Ngati m'thanki muli nsomba zosusuka zimene zimalanda, ikani chakudya malo awiri otalikirana.

Thanki yanga ndi yatsopano. Ndidikire nthawi yaitali bwanji, ndipo ndigule zingati?

Kukhazikika kwa mabakiteriya a mu fyuluta ochotsa ammonia m'madzi, kumene kumatenga milungu 4 mpaka 6, sikutanthauza kuti chakudya chamera. Kwa Otocinclus, hillstream loach ndi nerite, dikirani miyezi itatu kapena kuposerapo, mpaka mutaona ndi maso kuti galasi la kumbuyo lagwira ndipo miyala ikuterera mukaikhudza. Yambitsani chidebe cha miyala milungu itatu musanapite kukagula, kuti tsiku lofika nsomba zipeze chakudya chili tayale. Kusitolo, sankhani za mimba zozungulira, ndipo funsani kuti zakhalapo masiku angati komanso akuzidyetsa chiyani.

Pa chiwerengero, palibe lamulo la malita limene limagwira paliponse, chifukwa chimene chimadyetsa nsombazi ndi kukula kwa malo omerapo ndere ndi kuwala kumene malowo amalandira. Sankhani mtundu umodzi wokokota, osati itatu yolimbirana galasi limodzi. Gulu la Otocinclus m'thanki ya malita 60 mpaka 80 silifunanso pleco kapena nkhono za nerite pambali pake. Pakapita miyezi iwiri mimba zonse zili zozungulira ndipo ndere zikutsalako pagalasi la kumbuyo, pamenepo mukhoza kuganiza zowonjezera nkhono imodzi kapena ma shrimp angapo.